Mkaka wa Pansi pa Mafirizesi

Thiransifoma ya mumsewu mwathu inaphulika m'mawa ndili mkati mosambitsa Kabwana. Inangoti phuu, agalu n'kuyamba kuuwa, ndipo firiji yanga, yomwe imang'ung'udza usana ndi usiku, inakhala chete. Ndinatuluka mwana ali thovu lokhalokha n'kupeza anthu ataima m'makomo akuyang'ana utsi pamtengo wa magetsi. Wina anati abwera kudzakonza lero lomwe. Koma anthu a magetsi timawadziwa.

Ine ndimagulitsa mafirizesi pazenera la nyumba yanga. Magetsi akathima ndimadandaula ngati wina aliyense wa geni, koma tsiku limeneli za geni sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Pansi pa firijiyo, m'basiketi ya waya, munali mkaka wa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo, make Kabwana, anali m'chipatala. Anamupeza ndi khansa mwana akadali wakhanda, ndipo madokotala anamuuziratu kuti akangoyamba mankhwala, za kuyamwitsa aiwale, chifukwa mankhwalawo amalowa mumkaka. Ndiye asanagonekedwe, mwana wa mayi anga uja anakhala milungu akudzikama yekha. Ankakhala pampando wanga wa kukhitchini thukuta lili kamukamu, kufinyira m'kapu, kuthira m'timatumba tapulasitiki, kulembapo tsiku, n'kutiyala m'firiji kuti tiundane tili tathyathyathya. Ankati, "Achemwali, timatumbati ndi ine. Ndikakhala kulibe muzimupatsa ine." Ndinkamukalipira kuti asiye zolankhula zopusa, koma ndinkatuluka panja kukapukuta maso.

Mkaka wam'chitini tinayesa. Kabwana anatupa zikope, thupi lonse zidzolo, n'kusanza mpaka kulefuka. Dzina lakelo tinamupatsa chifukwa akafuna chinthu safuna kumva za mawa, koma apa sanali matama, thupi lake linakana ndithu. Namwino anatiuza kuti timusunge pa mkaka wa mayi ake mpaka atafika poyamba kudya zina. Anatipatsanso lamulo limodzi: kathumba kakayamba kusungunuka koma m'kati mukadali timiyala ta ayisi, mutha kukaumitsanso. Kakasungunukiratu, mwana amwe asanathe maola 24, zotsala mutaye.

Aliyense amene ali ndi firiji amadziwa kuti magetsi akathima sutsegula. Ndinatenga mabulangeti onse a m'nyumba, ndi la pabedi panga lomwe, n'kuifunditsa ngati wodwala malungo. Ana anabwera pazenera kufuna mafirizesi, ndinawabweza. Mayi eni nyumba anabwera ndi nkhuku yososola kumene, ikadali yofunda, ati ndiwasungire. Ndinawauza kuti akangoiphika. Anachoka akunyinyirika kuti anthu a lendi masiku ano akula mtima, ine ndinangoti nenani, bola chivundikirocho chisagwidwe.

Dzuwa litafika paliwombo, malata akuchita kulira ndi kutentha, anatulukira alamu anga, bambo ake a Kabwana. Ndi aphunzitsi a sayansi kusekondale. Anamva za thiransifoma ali m'kalasi, n'kusiya ana ndi ntchito pabolodi, manja akadali oyera ndi choko. Munthuyo ndi wabwino, koma akachita mantha amayamba kuphunzitsa. Tsiku limene akazi awo anapezeka ndi matendawa, anandifotokozera za maselo a m'thupi mpaka ndinachita kuwathawa.

"Simunatsegule?" anafunsa asanapereke n'komwe moni.

"Mukundiona ngati mwana? Onani mabulangetiwo."

Anatulutsa m'chikwama kachipangizo koyezera kutentha, kokhala ndi waya wautali, n'kulowetsa wayayo pansi pa chivundikiro osatsegula. Manambala anatsika, kutsika, n'kukaima pa ziro. Tinadikira. Ndinakasintha mwana thewera, kubwera, anali pa ziro pomwepo.

"Mwaona," ndinatero mtima utatsikako. "Sikakusuntha. Kuzizira kuli momwemo."

Alamu sanasangalale. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi shati.

"Ndi zimene zikundiopsa, alamu. Firiji ngati iyi imakhala kutali pansi pa ziro. Yathima m'mawa womwewu, yosatsegula, siyenera kufika apa. Ndipo kakaima pa ziro chonchi osasuntha, ndiye kuti m'katimu muli chinthu chikusungunuka."

"Chisungunuke bwanji poti manambala sakukwera?"

"Ayisi amameza kutentha osaonetsa. Konse kumene kukulowa kumathera pomusungunula, ndiye kachipangizoka kamangoti ziro, ziro, mpaka kachidutswa komaliza katatha. Pamenepo m'pamene kamayamba kukwera, zinthu zitaonongeka kale. Ndipo si kutentha kochepa ayi. Moto woti usungunule ayisi wodzaza kapu ndi womwewo ungatenthetse madzi akewo kufika madigiri 80, oti simungapisemo chala. Ndiye ndikudzifunsa kuti kutentha kochuluka chonchi kwachokera kuti m'firiji yotseka."

Apa ndinakumbukira zimene ndinachita m'mawa.

Dzulo lake kunatentha, mafirizesi ndinagulitsa pafupifupi onse. M'mawa wa tsikuli ndinawiritsa madzi, kusakaniza, kuthira m'timapepala, ndowa ziwiri zodzaza. Masiku onse ndimadikira kuti azizire kaye pansi. Koma Kabwana ankalira, ine manja awiri okha, ndiye ndinangowakhuthulira m'firiji akadali ofunda kuti iyo imalizitse yokha. Sipanapite nthawi thiransifoma inaphulika.

Nditawauza, alamu anakhala pansi penipeni, pasimenti.

"Madzi amasunga kutentha kuposa chilichonse m'nyumba muno," anatero chapansipansi. "Supuni mukaichotsa pamoto imazizira pompo, koma madzi amakakamira nako. Ndowa ziwiri. Tawatsekera limodzi ndi mkaka, n'kuwafunditsa bulangeti."

Anati tawatsekera, osati mwawatsekera, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinataya mabulangeti uko, kutsegula, tonse awiri n'kuyamba kukokolola mafirizesi ndi manja kuponyera pansi. Ena anaphulika, khitchini yonse yofiira, nyerere n'kuyamba kale kuitanizana. Titafika pa basiketi ndinagwira kathumba kapamwamba. Kanali kofewa ngati tsaya la mwana. Ta pakati tinali tofewa m'mbali, ta pansi tokha ndi timene tinali tikadali gwa.

Foni yanga inalira nthawi yomweyo. Anali make Kabwana.

"Achemwali, mayi wina muwodi muno akuti kwanuko kwaphulika thiransifoma. N'zoona?"

"Anthu a m'wodi mwanuwo alibe zochita. Mzere wathu ndi wina, ife magetsi alipo."

"Firiji sindikuimva kulira."

"Ndili panja. Iwe gona, usandivute."

Ndinadula foni. Mng'ono wangayo ndinamulera ndekha mayi athu atamwalira, ndipo amadziwa kuti ndikakalipa kwambiri ndiye kuti ndikunama.

Alamu anali ataimbira kale anthu. Anapeza a butchala ena, tsidya lina la tauni, omwe mwana wawo anadutsa m'kalasi mwawo. Ali ndi jenereta, ndipo anati tibwere nawo mkakawo atipatsa kangodya m'firiji yawo. Ndinatsitsa kulabokosi yanga yakale, ija ndinkayenda nayo pogulitsa mafirizesi m'misewu ndisanapeze nyumba ya zenera labwino. Tinasanja timatumba mothithikana, ine mwana kumsana, n'kuthamangira kumsika wa nsomba kumene amagulitsa ayisi wa zibuma.

Kumeneko kunali nkhondo. Dera lonse linali lopanda magetsi, ndiye aliyense wa nsomba, wa nyama, wa zakumwa anali pamenepo dzanja m'mwamba. Alamu anaima kumbuyo mwaulemu ngati ali pamzere wa kubanki. Ine ndinawasiya ndi ulemu wawowo, n'kulowa ndi zigongono.

"Bambo, ine si za nsomba," ndinamuuza wogulitsayo nditamugwira mkono. "Ndi mkaka wa mwana ali kumsanayu. Mayi ake ali m'chipatala."

Anandiyang'ana, kuyang'ana Kabwana, n'kundidulira theka la chibuma chomaliza. Mayi wina anayamba kulalata kuti anabwera kalekale. Ndinamusiya alalate, tsiku lina ndikanamuyankha bwinobwino.

Tinakhala pamthunzi wa khonde la sitolo. Ndinaphwanya ayisiyo ndi mwala, n'kutulutsa m'chikwama paketi ya mchere imene ndinatola potuluka m'nyumba. Alamu anandigwira dzanja.

"Mukufuna kutani?"

"Kuthira mchere. Ndi mmene tinkachitira pogulitsa mumsewu. Ayisi wopanda mchere amangoziziritsa, koma mafirizesi amafewabe. Ukathira mchere amakhala ouma."

Milomo yawo inayamba kuyenda, ndinadziwa kuti m'mutumo ayamba masamu.

"Mukunena zoona," anatero. "Ayisi payekha amaima pa ziro, pomwe mkaka umayamba kusungunuka usanafike n'komwe pa ziro. Mchere umamukakamiza ayisi kusungunuka, ndipo posungunukapo amalanda kutentha kwa chilichonse chili pafupi. Zimenezo zitithandiza. Koma athanso msanga, alamu. Wopanda mchere angatifikitse madzulo, mkaka ukufewa pang'onopang'ono. Wamchere ausunga wouma, koma tikachedwa panjira titsala ndi madzi okhaokha."

"Ndiye titani?"

"Sindikudziwa."

Aphunzitsi kunena kuti sindikudziwa, aka kanali koyamba. Ndinayang'ana msewu, magalimoto ankayenda bwinobwino. Ndinakutira timatumba m'jumbo ziwiri kuti madzi amchere asalowe, kuzunguliza ayisi, n'kukhuthula mchere wonse. Alamu analowetsa kawaya kawo, kutseka, ndipo manambala anayamba kutsika pansi pa ziro. Kwa kanthawi tonse tinapuma.

Mu minibasi kondakitala analanda kulabokosi n'kufuna kuikhazika kumbuyo kwa dalaivala, pamwamba pa injini, paja pamawotcha miyendo.

"Chotsa pamenepo," ndinamuuza.

"Mayi, katundu amakhala apa."

"Katundu wa agogo ako ndi amene amakhala pamenepo. Bweretsa kuno."

Anthu anaseka, iye n'kuibweza akutafuna mawu. Alamu anaikhazika pamiyendo n'kuikumbatira ndi manja onse awiri. Tinayenda bwino mpaka kudutsa pamlatho. Kenako minibasi inayamba kukwawa, n'kuima. Kutsogolo lole yonyamula simenti inali itafera pamphambano, ndipo magalimoto anali atamangana mbali zonse, aliyense akuliza hutala ngati hutala imakankha lole.

M'galimoto yoima dzuwa lamasana ndi ng'anjo. Mpando unayamba kumata, Kabwana anayamba kulira ndi kudzikoka kumsana, thukuta lake ndi langa kusakanikirana. Ndinamumasula n'kumuika pamiyendo. Anali ndi njala, ndipo chakudya chake chinali pomwepo m'bokosi, koma kutsegula kunali kulowetsa moto. Ndinamupatsa chala changa kuti aziyamwa. Anachilavula n'kundiyang'ana ngati ndamunyoza.

Dalaivala akasuntha pang'ono n'kuponda buleki, m'bokosi munkamveka khuvu. Poyamba ankagundana ndi ayisi, gobede gobede. Kenako phokoso la ayisi linayamba kuchepa, la madzi n'kumakula. Ndinkamvetsera ndi thupi lonse.

"Manambala akuti chiyani?"

"Akadali pansi pa ziro."

"Ndiye zili bwino."

"Musawakhulupirire," anatero alamu osandiyang'ana. "Adzakhala ofatsa chonchi mpaka ayisi atatheratu. Mverani phokosolo, ndi limene likunena zoona."

Dzuwa linkalowa pazenera n'kugwera pachivundikiro penipeni. Mayi wina wachikulire amene anakhala kuzenerako anafunsa ngati tanyamula nsomba. Ndinamuuza chimene tanyamula. Anamasula nsalu yake ya kumutu n'kuigwira ndi manja awiri kutchinga zenera, ndipo anaigwira choncho mpaka mikono inkanjenjemera. Kondakitala uja naye anasiya matama, anatsika kukaona kutsogolo n'kubwera akupukusa mutu.

"Apa mugona pano, mayi. Ngati n'zachangu, yendani. Mudutse kuseri kwa malo omwetsera mafutawo, mukatulukira kumene kuli a butchala."

Tinatsika. Sindikumbuka kuti ndinathamangapo liti chotero ndi mwana kumsana, ine munthu wa mawondo odandaula. Alamu ankayenda chothamanga atanyamula bokosi patsogolo, akuyesetsa kuti lisagwedezeke, buluku lawo litanyowa kutsogolo konse ngati adzikodzera. Ana asukulu amene tinakumana nawo anawazindikira n'kuyamba kuseka. Iwo sanawaone n'komwe.

A butchala anali munthu wamkulu thupi, wosalankhulalankhula. Jenereta inkalira kuseri. Anatsuka tebulo lachitsulo, kutibweretsera ndowa yoyera yokhala ndi chivundikiro, n'kuima pambali. Nditatsegula bokosi ndinapeza madzi amchere ozizira mowawa m'manja, ndi tizidutswa ta ayisi tochepa tikuyandama, tosakwana n'komwe m'dzanja limodzi.

Tinayamba kusankha. Kathumba kalikonse ndinkakagwira ndi zala, kukatsina kuyambira pansi mpaka pamwamba, kufunafuna timiyala tija ananena namwino. Kokhala nato, m'ndowa. Kopanda, pambali. Tina ndinkatiika kukhutu n'kugwedeza, kumvetsera ngati muli kanthu. Kena ndinakatsina mobwerezabwereza mpaka ndinayamba kumva ayisi woti mulibemo.

"Aka kali nako," ndinatero.

Alamu anakagwira, kukayang'anitsa kuwala kwa pazenera, n'kukaika pambali. Ndinafuna kuwatukwana. Koma anali bambo wa mwanayo, ndipo anali kunena zoona.

Titamaliza, za m'ndowa zinali zochepa kuposa za pambali. Mchere uja unapulumutsa ta pansi, timene tinachoka kunyumba tikadali touma. Ta pamwamba tinali titapita kale m'firiji mwanga, pansi pa mabulangeti anga. Milungu ya thukuta la mng'ono wanga inali pamenepo patebulo la a butchala, yoti mwana amwe zimene angathe lero ndi mawa, zotsala zikathiridwe m'ngalande. Ndinamwetsa Kabwana kathumba kamodzi pomwepo ndi kakapu kake, a butchala atatifunditsira m'madzi. Anamwa ngati palibe chachitika.

Nthawi yoona odwala inali itayandikira. A butchala asanatseke ndowa ndinapisa dzanja n'kutenga kathumba kamodzi kouma kwambiri, n'kukaponya m'bokosi limodzi ndi tosungunuka tija.

"Kameneko n'kachiyani?" anafunsa alamu.

"Kokamuonetsa. Akakagwira kali gwa akhulupirira kuti zonse zili bwino."

"Alamu, kodi tikamunamize?"

"Inu mukhale chete, wonama ndikhala ine."

Ana salowa m'wodi, ndiye make Kabwana ankatipeza pabenchi ya pakhonde, pafupi ndi zenera loyang'ana kochapira. Titafika kuchipatala, anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, mpango kumutu, kapulasitala padzanja pamene amalowetsera mankhwala. Anatenga mwana, kumununkhiza m'khosi, n'kutseka maso. Kabwana anayamba kufunafuna pachifuwa monga amachitira ana, ndipo iye anamutembenuza mofatsa kuti ayang'ane kwina.

Ndinatulutsa kathumba kaja mwachangu.

"Gwira wekha. Uli gwa ngati mwala. Anthu a m'wodi mwanuwo azikuuza zabodza."

Anakalandira. Sanakayang'ane nthawi yaitali. Anayang'ana buluku la amuna ake, lomwe linali litauma n'kusiya mizere yoyera ya mchere. Anayang'ana mapazi anga ofiira ndi mafirizesi. Kenako anatambasula phazi n'kukankha bokosi pang'ono, ndipo m'katimo munamveka khuvu.

"Watsala wochuluka bwanji?" anafunsa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe. Anayankha ndi alamu.

"Sunafike theka, mayi. Uli kwa a butchala, ukuumanso. Wam'bokosimu ndi wa lero ndi mawa."

"Ndi ine," ndinatero. "Ndinaika mafirizesi ofunda pamwamba pake."

Ndikanakonda akanandilalatira pakhonde pomwepo, anamwino onse n'kutuluka kudzaonerera. Anangokhala akusisita msana wa mwana.

"M'mawa uliwonse ndimadzikama kubafa kuno," anatero patapita nthawi. "Umabwerabe, sudziwa kuti ndi woipa. Ndimauthira m'sinki n'kutsegula mpope. Ndinkadzitonthoza kuti bola uja wa kwa achemwali sadzautaya munthu."

Alamu anayang'ana kudenga. Ine ndinayang'ana mapazi anga.

Kenako anandipatsa mwana, kumasula mabatani a diresi, n'kulowetsa kathumba kouma kaja m'kati, pakhungu penipeni. Anachita tsemwe thupi lonse, mpweya n'kuukokera m'mano.

"Iwe, ukutani?" ndinatero. "Kameneko n'kabwino, kabwerere m'firiji. Tosungunuka tadzaza bokosi, timupatse timeneto. Ukudwalanso, uzizidwa."

"Timeneto tasungunuka tokha. Aka ndikasungunula ine."

"Mwana wamwa kale."

"Amwanso. Mumudziwa."

Ndinayang'ana alamu kuti andithandize. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona phunziro lonse litafika pamilomo. Analimeza.

"Zitenga nthawi, mayi," anangotero. "Sikayamba kufunda mpaka ayisi yense atatha."

"Ndikudziwa. Ndinakwatiwa ndi aphunzitsi."

Tinakhala pamenepo. Anthu ankadutsa ndi mabasiketi a zakudya, ena akutuluka kale. Iye anapinda mikono pachifuwa n'kuwerama pang'ono, milomo itayamba kuuma. Pakapita kanthawi ankasuntha kathumbako kupita mbali ina imene ikadali yofunda. Ndinatulutsa juzi ya mwana m'chikwama n'kufunditsa mng'ono wanga m'mapewa, sanakane. Alamu anapempha kuti akagwireko m'manja mwawo pang'ono, iye anapukusa mutu. Ine maso anali kwa mlonda wa pageti lamkati, amene anali atayamba kuyendayenda ndi belu lake m'manja.

"Katulutse tione," ndinatero.

Anakatulutsa, kukatsina. Pakati panali kamwala kakang'ono ngati njere ya nyemba. Anakabweza.

Belu linalira. Anthu anayamba kudzuka m'mabenchi. Mlonda anafika pamene tinali, ndipo ndinali nditakonzeka kale kumenyana naye, koma alamu anaimirira n'kumunong'oneza kanthu. Munthuyo anatiyang'ana, n'kupitirira kukayambira kumapeto ena a khonde.

Atakatulutsanso munalibe kanthu m'kati, koma kanali kakadali kozizira. Anakabwezanso kachitatu, ndipo ulendo uno sikanachedwe. Anakaika patsaya pake, n'kugwedeza mutu. Ndinang'amba pakona n'kuthira m'kakapu. Anatenga mwana wake, kumugoneka pamkono mutu utatsamira pachifuwa pomwe panali kathumba paja, n'kuyamba kumumwetsa pang'onopang'ono. Kabwana, woti anali atakhuta, anamwa akumuyang'ana m'maso, kadzanja katagwira kolala ya diresi. Anamaliza wonse n'kugeya mokweza ngati munthu wamkulu, mayi ake n'kuseka koyamba tsiku limenelo.

Mlonda anabweranso, ulendo uno osatiyang'ana kumaso. Make Kabwana anandibwezera mwana, kumanga mabatani, n'kuimirira atagwira khoma. Asanamange ndinaona kuti pakhungu pamene panali kathumba panali pofiira. Anayang'ana bokosi lija kamodzi.

"Achemwali, wotsalawo mukamataya mawa musandiimbire," anatero. "Ndikafunsa, mundinamize bwino kuposa lero."

Analowa m'wodi. Ine ndinabereka mwana, alamu ananyamula bokosi, ndipo njira yonse mpaka pageti linkangomveka khuvu.